KODI TIDZANGOKHALA OMVETSERA MPAKA LITI?

 Nkhani yanga ndi ya wailesi, koma sindinena za wailesi imene tigula ku sitolo kuti itiimbire nyimbo ai. Ndinena za wailesi imene munthu aipanga yekha ndi manja ache, imene imva mau a kutali ndiponso itumiza mau a mwini wache kwa anthu ena. Pa Chingerezi amaitcha transceiver, ndipo anthu amene achita zimenezi mwa chikondi chabe, osafuna malipiro, amatchedwa radio amateurs. Ganizo langa ndi ili: sukulu yathu iyenera kukhala ndi kabungwe ka ophunzira opanga mawailesi otere, ndipo kabungweko kayambe chaka chino.

Anthu ambiri a m'midzi ya kuno anayamba kuidziwa wailesi chitafika chaka cha 1949. M'chaka chimenecho kampani ya Ever Ready ya ku Mangalande inatulutsa wailesi yotsika mtengo, popemphedwa ndi Bambo Harry Franklin amene ankayang'anira za nkhani ku Northern Rhodesia, dziko limene lero liri Zambia. Thupi la wailesiyo linali lozungulira ngati sefuliya, chotero inatchedwa Saucepan Special. Mtengo wache unali mapaundi 5, ndipo batire yache inali masheleni 25. Madzulo anthu ankasonkhana pa khonde la mwini wailesi kudzamva nkhani za m'Chinyanja zochokera ku Lusaka ndi nyimbo za Alick Nkhata. M'chaka cha 1964, pamene dziko lathu linalandira ufulu, tinakhala ndi nyumba yathuyathu youlutsira mau, ndiyo MBC. Kunalinso mawailesi a Nzeru amene ankapangidwa ku Blantyre, ndipo agogo athu awakumbukira bwino. Koma lero taonani mawailesi ndi mafoni amene ali m'nyumba zathu: pafupifupi onse achokera kunja. Ife nchito yathu ndi kutsegula, kukhala pansi ndi kumvetsera. Kabokosiko kakadwala timangokamenya ndi chikhatho, ndipo kakakana kuchira timakaponya kuseri kwa nkhokwe. Kodi nkoyenera kuti ifenso amene tiphunzira sayansi ku sekondale tikhale chimodzimodzi?

Ena aganiza kuti m'kati mwa wailesi muli zinsinsi zimene mwana wa ku Kabwazi sangathe kuzimvetsa. Si choncho ai. Magetsi akamathamanga m'waya kupita ndi kubwerera mofulumira kwambiri, wayayo atulutsa mafunde osaoneka amene ayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, liwiro lofanana ndi la kuwala. Mafundewo akakhudza waya wina kutali, abweretsa m'menemo timagetsi tating'onoting'ono. Tsono wailesi yomvera iri ndi nchito zitatu zokha: kusankha siteshoni imodzi pakati pa zambiri, kutulutsa mau amene mafunde anyamula, ndi kukuza mauwo kuti khutu limve. Kusankhako kuchitika ndi koyilo, ndiye waya wa mkuwa wokulungidwa, pamodzi ndi capacitor. Mau atulutsidwa ndi diode, ndipo akuzidwa ndi transistor. Wailesi yolankhula ichita zomwezo koma mobwerera: ipanga mafunde, iwasenzetsa mau, niiwakankhira mu eriyo.

Ngakhale masamu ache sali oopsa. Mukafuna kudziwa kutalika kwa funde m'mamita, gawani 300 ndi chiwerengero cha megahertz. Pa 7 megahertz, pamene ma amateur ambiri ayambira, funde litalika mamita 40 ndi pang'ono. Eriyo yabwino ikhala theka la funde, ndiye kuti mawaya awiri a mamita 10 ali yense, omangidwa pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu. Mafunde afupiafupi amenewa ali ndi khalidwe lina lodabwitsa. Kumwamba kwambiri, kuyambira makilomita 100 kufikira 400, kuli mpweya umene dzuwa laupatsa mphamvu ya magetsi, ndipo mpweyawo ubweza mafundewo pansi monga kalirole abweza kuwala. Ndicho chifukwa chache wailesi yaing'ono itha kumveka kutsidya kwa nyanja zazikulu.

Kodi anaonetsa ndani kuti mafunde afupiafupi afika kutali chotere? Sanali makampani olemera okha ai. M'chaka cha 1912 boma la America linakhazika lamulo lakuti ma amateur azigwiritsa nchito mafunde a mamita 200 kapena ochepera pamenepo, pakuti akuluakulu ankaganiza kuti mafunde amenewo ndi achabechabe. Anthuwo sanataye mtima. Anapitiriza kukulunga makoyilo ndi kuyesayesa m'nyumba zao, ndipo mu November 1923 Léon Deloy wa ku Nice ku France ndi Fred Schnell wa ku America analankhulana kudutsa nyanja ya Atlantic pa mafunde a mamita 110. Zitatero maboma ndi makampani anathamangira ku malo omwe aja anawanyoza. Phunziro lache nlakuti nzeru zatsopano zichokera kwa anthu amene agwira zipangizo ndi manja ao, osaopa kuyesa.

Dziko liri lonse liri ndi chizindikiro chache pa mafunde. Nthawi ya Nyasaland ma amateur a kuno ankayamba maina ao a pa wailesi ndi ZD6, ndipo kuyambira 1964 chizindikiro cha Malawi ndi 7Q. Chizindikiro chimenechi sichimveka kawirikawiri, motero chikamveka anthu a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan achithamangira onse nthawi imodzi. Alendo ena amachita kukwera ndege ndi katundu wao kudzaulutsa ali kuno, monga gulu la ku Ireland limene linabwera m'chaka cha 2018 ndi kugwiritsa nchito dzina la 7Q7EI. Alendowo sitiwadzudzula, achita bwino kutchukitsa dziko lathu. Koma kodi sizitichititsa manyazi kuti dzina la Malawi lizimveka m'mlengalenga ndi pakamwa pa mlendo, eni ache ali chete?

Njira yoyambira iripo, ndipo siiri yaitali. Masiku ano kuli timaphukusi tokhala ndi zipangizo zonse za wailesi, zosalumikiza, pamodzi ndi pepala loonetsa malo a chiri chonse. Kaphukusi kotsika mtengo koposa ndi Pixie, kamene kali ndi ma transistor awiri okha ndi kachipangizo kamodzi kokuzira mau kotchedwa LM386. Katumiza uthenga wa Morse ndi mphamvu yosafika watt imodzi, ndipo kunja kagulidwa ndi madola osakwana 10. Kena ndi QCX, kamene Hans Summers anakakonzera msonkhano wa achinyamata okonda wailesi ku Mangalande m'chaka cha 2017. Kapereka ma watt 5 ndipo panthawiyo kankagulidwa madola 49. Koma kamene kandikondweretsa ine koposa ndi BITX, wailesi yolankhula ndi mau enieni imene Ashhar Farhan wa ku Hyderabad ku India anaipanga cha m'ma 2003. Podziwa kuti anzache sakanatha kuitanitsa zipangizo za mtengo wapatali, iye anakulunga makoyilo ache pa mawashala a mipope ya madzi amene apezeka m'sitolo iri yonse ya zomangira. Munthu ameneyu anaganiza monga ife tiyenera kuganiza: anayamba wayang'ana chimene chiri pafupi.

Tsono pano ndi pamene pagona mtima wa nkhani yanga. Kulumikiza kaphukusi motsata pepala ndi chiyambi chabe; maphunziro enieni ayamba pamene wailesiyo yatha koma ichita zosafunika. Tengani Pixie. Mukaitsegula madzulo, kawirikawiri mudzamva siteshoni yaikulu ya kunja ikulowerera pamwamba pa amene mufuna kumumva. Pamenepo muyenera kufunsa chifukwa chache, ndipo mudzapeza kuti khomo la wailesiyo liri lotseguka kwambiri. Mankhwala ache ndi kuwonjezera koyilo ndi capacitor zoti zisefe mafunde asanalowe. Mudzaonanso kuti wailesiyo iima pa malo amodzi okha, pakuti crystal yache ndiyo ilamula. Mukalumikiza kwa crystal capacitor yotha kupotozedwa, idzasuntha pang'ono uku ndi uku. Ndipo potumiza, siitulutsa 7 megahertz yokha ai, koma itayiranso timafunde tina pa 14 ndi pa 21, timene tisokoneza anthu ena mpaka mutaika sefa yokwanira. Chiri chonse cha zimenezi chimkakamiza munthu kuganiza, kuyeza, kuwerengera ndi kuyesanso. Wailesi yogula siidzakufunsani funso ngakhale limodzi. Wailesi yopanga nokha idzakufunsani tsiku liri lonse, ndipo siilandira yankho loloweza pamtima.

Ndidziwa kuti alipo amene atsutsana nane, ndipo mau ao sindiwanyoza. Oyamba ati, "Tivutikirenji ndi mawaya pamene foni iripo?" Inde foni ndi yabwino, ndipo ine sindinena kuti tiitaye. Koma foni siyenda yokha. Idalira nsanja, nsanjayo idalira magetsi, ndipo mwini foni adalira mayunitsi. Ife a kuno ku mapiri a Dedza tidziwa bwino m'mene munthu akwerera pa chulu kufunafuna netiweki pamene phiri laima pakati pa iye ndi nsanja. Tikumbukenso kuti mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo magetsi anavuta m'dziko muno koposa chaka chathunthu. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu mazana ambiri m'chigawo cha kumwera, anakokolola milatho, ndipo midzi ina ya ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje inakhala masiku yosafikika. Wailesi ya ma watt 5 ifuna batire ya njinga yamoto ndi kasola kakang'ono basi. Eriyo yache ikamangidwa cha m'munsi, mafunde akwera kumwamba ndi kugwa ngati mvula pa dera la makilomita mazana angapo, osasamala kuti pakati pali phiri. Sindinena kuti kabungwe kamodzi ka ana a sukulu kadzapulumutsa dziko, pakuti wailesi imodzi ilibe woyankhana nayo. Koma sukulu imodzi ikayamba, ina idzaona, ndipo tsiku lina boma liri lonse lingathe kukhala ndi anthu odziwa kutumiza uthenga pamene njira zina zonse zatsekeka. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma.

Achiwiri ati zimenezi zidzatidyera nthawi ya mayeso. Kwa amenewa ndinena kuti atsegule buku la Physics ndi kuona mitu imene tiyesedwa pa MSCE: lamulo la Ohm, kulumikiza ma resistor motsatana ndi mondandalika, mafunde, maginito ndi magetsi, diode ndi transistor. Zonsezi ziri m'kati mwa kawailesi kamodzi kotha kulowa m'chitini cha machesi akulu. Ambiri a ife tijambula chizindikiro cha transistor mokongola m'makope athu, koma atatiikira transistor yeniyeni pa chikhatho sitingadziwe mwendo wache uti ndi uti. Wophunzira amene waonapo resistor ikufuka utsi chifukwa anawerengera molakwa sadzaiwalanso lamulo la Ohm moyo wache wonse. Ndiponso wolankhula ndi maiko akutali ayenera kudziwa mapu, kusiyana kwa nthawi pakati pa maiko, Chingerezi chomveka, ndi kulemba mwaukhondo m'buku ali yense amene walankhula naye. Maola awiri pa sabata sangagwetse munthu mayeso. Tiri nao maola ambiri oposa amenewo amene titayira pa macheza a m'mahostelo.

Achitatu ati ndarama palibe. Zoonadi kuitanitsa katundu kunja nkovuta, ndipo sitingapemphe makolo athu, amene athyoka kale misana m'minda ya mbatata ndi nyemba kuti atilipirire fizi, kuti awonjezerenso china. Koma kaphukusi kamodzi kangakwanire kabungwe konse, ndipo zambiri zoyambira sizifuna kugula. M'mudzi uli wonse muli mawailesi akufa, ndipo m'kati mwao muli ma transistor, ma capacitor, masipika ndi makoyilo amoyo. M'matiransifoma akale muli waya wa mkuwa wokwanira makoyilo ambiri. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anayamba ndi kutsegula mawailesi akale pamodzi ndi mbale wache, kuchotsa ichi ndi kubwezera icho mpaka atadziwa nchito ya chiri chonse. Atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku njinga yakutha, zitsulo zotola ndi mitengo ya bulugamu, ali ndi zaka 14. Iye analibe labotale kapena mphunzitsi wa sayansi pambali pache. Ife tiri nazo zonse ziwiri. Tidzanena chiyani?

Chotsutsa chachinai ndicho cholemera koposa, ndipo aphunzitsi athu achita bwino kuchiopa: lamulo. M'chaka cha 2009 Gabriel Kondesi, mnyamata wa ku Mulanje amene anasiyira sukulu ku pulaimale, anamangidwa chifukwa choulutsa mau popanda chilolezo pa siteshoni imene anaipanga yekha ndi zipangizo zakale, yotchedwa Pachikweza. Khoti linamlipitsa K50,000. Anthu ambiri m'dziko muno anamva chisoni, pakuti anaona luso lache. Komabe lamulo liri ndi chifukwa chache. Mafunde ali ngati chitsime cha mudzi wonse: pamenepo patunga oyendetsa ndege, apolisi, sitima za pa nyanja ndi nyumba zoulutsira mau, ndipo mmodzi akavundula madzi onse avutika. Ndicho chifukwa chache bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ligawa mafunde ndi kupereka zilolezo. Amateur ali ndi malo ache pa mafunde ndi malamulo ache: saimba nyimbo, sachita malonda, salankhula mobisa, ndipo atchula dzina lache la pa wailesi nthawi ndi nthawi. Ine ndiona kuti nkhani ya ku Mulanje iri kumbali yanga. Anyamata a luso lotere adzapitirira kubadwa m'midzi yathu, tifune tisafune. Ngati sukulu siiwaphunzitsa njira yoyenera, adzaphunzira okha kuseri, ndipo woyamba kuwafotokozera lamulo adzakhala wapolisi.

Chotero kabungwe kathu kayende mwa dongosolo. Teremu yoyamba tipange mawailesi omvera okha, tiphunzire kuotcherera mawaya ndi mtovu, tiphunzire Morse, ndipo tizimvetsera m'mene ma amateur a ku South Africa ndi maiko ena alankhulirana. Teremu yachiwiri mphunzitsi wotiyang'anira alembe kalata ku MACRA kufunsa zofunika kuti sukulu kapena ophunzira alandire chilolezo, ife tikuphunzira malamulo ndi masamu ache. Pokhapokha chilolezo chitafika ndi pamene tidzalumikize wailesi yolankhula ku eriyo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tiyeneranso kunena poyera kuti nchitoyi iri ndi zoopsa zache. Kuno ku mapiri ziphaliwali sizisowa m'nyengo ya dzinja, ndipo waya wautali wokwezedwa m'mwamba ndi njira yabwino ya mphenzi. Motero eriyo iyenera kuchotsedwa ku wailesi ndi kulumikizidwa ku nthaka nthawi zonse pamene siigwira nchito, ndipo isayandikire mawaya a magetsi. Utsi wa pootcherera si wabwino m'chifuwa, chotero mazenera akhale otsegula ndipo tisambe m'manja tikatha. Mawailesi a kanema akale asunga magetsi oopsa ngakhale atazimitsidwa. Amenewo wophunzira asawatsegule yekha. Tigwiritse nchito mabatire a ma volt 12 basi. Zoopsa zimenezi ndi chifukwa china chofunira kabungwe kokhala ndi mphunzitsi, m'malo mwakuti ali yense aziyesa yekha pansi pa bedi lache.

Mau ena ndiwapereka kwa asungwana anzathu. Musaganize kuti iyi ndi nchito ya anyamata ai. Kukulunga koyilo ndi kulumikiza timiyendo ta transistor kufuna maso akuthwa, dzanja losanjenjemera ndi mtima woleza. Mphamvu za m'mapewa sizithandiza kanthu. Ambiri a inu mutiposa m'masamu, ndipo zikalata za mayeso zimene zipachikidwa pa bolodi zichitira umboni. Kabungwe kakadzayamba, mipando ina ya kutsogolo ikhale yanu.

Pomaliza ndipempha zinthu zinai, ndipo ndizipempha mwaulemu. Kwa a Hedimasitala ndipempha ngodya imodzi ya labotale ndi madzulo amodzi pa sabata. Kwa aphunzitsi athu a sayansi ndipempha mmodzi amene angadzipereke kutiyang'anira ndi kulemba kalata ija. Kwa a komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ndi kwa amene anaphunzira pano kale, ndipempha chitsulo chootcherera, kamita koyezera magetsi ndi kaphukusi kamodzi ka zipangizo. Ndipo kwa inu anzanga ndipempha ichi: pobwera ku tchuthi chikudzachi, ali yense afunse kwao ngati kuli wailesi yakufa, ndipo eni ache akalola, aiike m'chikwama pamodzi ndi chigumu ndi mtedza. Mutu umodzi susenza denga, koma tiri ambiri pa sukulu pano. Amene agwirizana nane apereke maina ao kwa a Mkonzi. Amene atsutsa alembe m'magazini yotsatira, ndipo ndidzawerenga mau ao mokondwa.

Ndatha ine wanu,
Wophunzira wa Fomu 3